Kuitanitsa ana ndi agogo awo kudzaona Gold Reef City: zolemba za ulendo wonse

12 Ogasiti 2023

Amayi anzanga a pa chipereganyu akhala akundifunsa kuti kuitanitsa ana kuchokera kumudzi kudzaona Joni kumadya ndalama zingati, ndipo yankho ndinalibe. Ndiye ndaganiza zoti ndizilemba chilichonse pomwe chachitikira, chabwino ndi choipa chomwe, kuti wina akadzafuna kuchita zomwezi asadzagwe m'maenje omwe ndingagwemo ine.

Ine ndi amuna anga tikukhala ku Rosettenville chaka chachisanu tsopano. Ine ndimasoka, iwo amagwira ntchito yomanga. Ana athu awiri, mtsikana wa zaka 12 ndi mnyamata wa zaka 8, amakhala ndi makolo anga ku Chiradzulu, ndipo timaonana kamodzi pachaka ife tikapita. Chaka chino tatembenuza. Abwere ndiwo pa holide ya Khirisimasi, ndipo tsiku limodzi lathunthu tikalithere ku Gold Reef City, malo a masewero aja ali ku Ormonde, kumwera kwa tauni. Kuchokera pomwe tikukhala sipatali, nsanja zake timaziona tikamadutsa pa msewu wa M1, koma ngakhale ifeyo sitinalowemo. Ndinkadziuza kuti sindingakakwere zinthu zimenezo ana anga ali kumudzi.

Anawa sanatulukepo m'dziko, sanakhalepo ndi pasipoti, sanakwerepo chikepe. Katungwe amene amamudziwa ndi wa chingwe cha pa mtengo wa mango. Wobwera nawo ndi bambo anga, a zaka 73. Mayi akana, akuti Disembala si mwezi wosiya munda wopanda mwini.

Ndalama: pa chipereganyu tilipo khumi, aliyense amaponya R1,500 pamwezi. Mwezi uno ndi wanga, ndalandira R15,000. Amuna anga awonjezerapo R6,000. Poyambira ndi pamenepo.

3 Sepitembala

Mapasipoti. Ndatumiza K350,000 ya mapasipoti atatu, zithunzi ndi thiransipoti yopitira ku Blantyre, yomwe kuno yandidyera pafupifupi R5,500. Bambo anali ndi chiphaso chawo cha unzika, za iwo sizinavute.

Vuto latulukira pa mnyamata, ndipo wolakwa ndine. Dzina lake pa chiphaso cha kubadwa ndinalilemba ndi chilembo chimodzi chosiyana ndi momwe lilili m'buku la kuchipatala ndi kusukulu. Zaka zonsezi palibe anazindikira. Bambo anabwerera nawo mafomu, ulendo wa ku Blantyre unangopita pachabe, ndipo panafunika maulendo ena awiri kuti mapepala agwirizane. Maulendo owonjezerawo adya K28,000.

Musanatumize munthu wachikulire kukaima pa mzere, muuzeni ajambule mapepala onse a mwana pa foni, muwayale pamodzi ndi kuwerenga dzina chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa chimodzimodzi. Ine ndikanachita zimenezi Lamlungu limodzi madzulo, bambo sakanavutika.

17 Sepitembala

Ndakhala pa webusaiti ya malowa usiku uno ndipo ndapeza chinthu chomwe sindinachiganizire n'komwe. Kumeneko safunsa zaka za mwana, amayeza msinkhu. Malire ake ndi mita imodzi ndi masentimita 30. Wofika pamenepo amakwera zikuluzikulu zija, Anaconda, Tower of Terror, Golden Loop. Wosafika ali ndi tikiti yakeyake ndi zokwera zakezake.

Ndaimbira mayi kuti amuyeze mnyamata. Atenga tepi yanga yakale yosokera yomwe ndinasiya kumudzi, abwera ndi yankho loti 132. Mtima unakhala pansi. Mnyamatayo ndamuuza kale pa foni kuti akakwera Anaconda, yomwe munthu amakhala cholendewera kunsi kwa njanji miyendo ili m'malere, n'kumazondoka. Wakuwa mpaka agogo ake kumulanda foni.

Lero lomwe ndatumizanso K600,000 ya matikiti a basi a anthu atatu, kubwera ndi kubwerera. Kuno ndi pafupifupi R9,500. Ndauza mayi aisunge mu foni mpaka mapasipoti atatuluka.

14 Okotobala

Muyeso uja unali wolakwika. Mphunzitsi wina woyandikana nafe kumudzi wamuyezanso ndi tepi yachitsulo ya amisiri, wopanda nsapato, msana utatsamira khoma, buku lili pamutu. Yatuluka 128. Tsiku lija anamuyeza atavala nsapato za kusukulu, ataima pa dothi losalingana, ndipo tepi yansalu anaiyendetsa motsata thupi m'malo moiwongola.

Masentimita awiri. Ndakhala nawo m'mutu sabata yonse. Mnzanga wina kuntchito wandilangiza kuti ndimugulire nsapato za chidendene chokhuthala, kapena ndipinde masokosi mkati. Ndakana. Malire amenewo sanaikidwe kuti azunze ana. Chitsulo chomwe chimatsika pa mapewa chinapangidwira thupi la msinkhu winawake, ndipo mwana akachepa pamatsala mpata pomwe sipayenera kutsala. Sindingamunamizire mwana wanga msinkhu kuti akazondoke m'mwamba ali wokhwepa.

Chomwe chikundipweteka ndi choti ndinalonjeza ndisanatsimikize. Ndamuimbira, ndamuuza zoona, kuti mwina safika. Anangoti "chabwino amayi" n'kupereka foni kwa mlongo wake. Bambo akhoma kachizindikiro pa felemu ya chitseko pomwe pali 130, akuti azimuyeza pa 1 paliponse.

Pakali pano ndayamba kulemba mndandanda wina wa zomwe angakwere ngakhale asafike. Pali kasitima kamodzi kotchedwa Shongololo, ndiye bongololo wathu yemweyu, ndiponso gudumu lalikulu lija lozungulira pang'onopang'ono.

10 Novembala

Lero ndalira. Dzulo kwacha yagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola yachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mapasipoti anatuluka sabata yatha, koma bambo anali asanapite kukagula matikiti chifukwa kunali maliro pamudzi. K600,000 ija ili phee mu foni ya mayi kuyambira Sepitembala.

Randi imodzi yomwe inkagula pafupifupi K63 tsopano ikugula cha m'ma K90. R9,500 ija ndikanaisunga kuno, lero ikanakhala yoposa K850,000. Ndinaisandutsa makwacha miyezi iwiri isanafunike, poopa kuti ndikakhala nayo pafupi ndiidya. Amuna anga sananene kanthu, angondipatsa madzi.

25 Novembala

Monga tinkaopera, mabasi akweza. Mtengo womwe atiuza wa anthu atatu kubwera ndi kubwerera ndi K850,000. Yaperewera K250,000. Ndatumiza R2,750, ndalama yomwe ndinaika pambali kuti ndiwagulire ana zovala za Khirisimasi. Zovalazo ndisoka ndekha usiku, nsalu ndili nazo zotsala.

Amene mumalandira marandi, ndalama ya ulendo muisunge m'marandi mpaka tsiku logula, ndipo ngati kampani ya basi ili ndi ofesi kuno, mulipire kuno komweko n'kungotumiza nambala ya tikiti kumudzi. Ine ndadziwa zimenezi nditaluza kale.

Masiku tawasankha mowerengera. Khirisimasi isanafike, khamu la anthu pa Beitbridge limakhala likupita kumpoto, kwawo ku Zimbabwe, ku Malawi, ku Zambia. Chaka chikatembenuka onsewo amabwerera kumwera. Athu ayenda motsutsana ndi khamulo: anyamuka pa 20 Disembala kubwera kuno, abwerera pa 4 Januwale. M'Malawi amaloledwa kulowa kuno popanda viza kwa masiku 30, ndiye masabata awiri ali bwinobwino mkati.

Popeza ana akuyenda opanda makolo awo, talemba kalata yovomereza kuti ayende ndi agogo awo, tasaina tonse awiri, tadinditsa ku polisi kuno, taphatikiza makope a mapasipoti athu, nambala za foni ndi adiresi ya pomwe tikukhala. Tapatsira mayi wina wa kutchalitchi amene amapita kumudzi sabata ino. Kaya akaifunsa kaya ayi, ikhale m'chikwama.

Ndalama ina yomwe sindinaiwerengere: bambo akachoka, wopalira ndi wothira feteleza ndani? Mayi okha sangathe. Ndatumiza K60,000 ya aganyu.

9 Disembala

Pa 1 anamuyeza mnyamata. 129. Basi, nkhani yatha, tikiti yake ikhala ya ana.

Lero ndikufuna kulemba za bambo, chifukwa ulendowu wasintha nkhope. Ndinkawafotokozera pa foni za malowa, ndipo ndinangotchula kuti anamangidwa pa mgodi wakale wa golide, pa shafuti nambala 14 ya Crown Mines, ndi kuti alendo amatha kutsika pansi kukaona. Foni inakhala zii. Ndinayesa kuti netiweki yadula. Kenako anafunsa, "Ukuti amatsitsa anthu ndi kheji?"

Bambo anapita ku Theba mu 1971 ali mnyamata wa zaka 21. Masiku amenewo a Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, ankanyamula anthu pa ndege kuchokera ku Malawi kukatera ku Francistown ku Botswana, kuchoka pamenepo pa sitima mpaka ku migodi. Iwo ankagwira pa mgodi wina kumadzulo kwa Johannesburg, ntchito yokumba ndi fosholo n'kupakira miyala, yomwe ankaitcha malayisha. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi opitirira 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Bambo anabwerera chaka chomwecho ndi bokosi lachitsulo, bulangeti ziwiri ndi wailesi, ndipo sanapondenso dziko lino. Bokosilo lidakalipo, mayi amasungiramo mbewu. Ndinakula ndikukhalira bokosi limenelo koma za pansi pa nthaka sanatiuzepo zambiri, ifenso sitinkafunsa.

Ndinkaganiza kuti bambo akubwera ngati woperekeza ana, azikakhala pa benchi n'kusunga zikwama. Ndinali nditakonzeka kuwagulira tikiti ya ongolowa osakwera kanthu. Amuna anga ndiwo andiletsa, akuti munthu wayenda makilomita opitirira 1,700 sangakhale mlonda wa zikwama. Ndiye ndagula matikiti pa intaneti a Lachinayi pa 28 Disembala, anayi a akulu ndi imodzi ya mwana, kuphatikizapo ulendo wotsika mumgodi wa tonse asanu. Zonse R1,900. Mitengo yawo imasintha ndi nyengo, muzionera pa webusaiti pomwe mukugula.

Bambo ali ndi BP. Ndawapempha apite kuchipatala akatenge mankhwala a mwezi wathunthu ndipo abwere ndi buku lawo. Zokwera zothamanga zija zimakhala ndi chenjezo kwa odwala mtima ndi a BP, ndiye tagwirizana kuti iwo awo ndi gudumu, mgodi ndi zoonaona.

22 Disembala

Afika! Basi inanyamuka ku Wenela ku Blantyre Lachitatu m'mawa. Ndinawakumbutsa bambo kuti dzina la siteshoniyo ndi la omwe aja anawanyamula kale, anati akudziwa bwino. Njira ndi ya Mwanza, Zóbuè, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutuluka pa Cuchamano kulowa Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina, Polokwane, mpaka Park Station. Anatiuza kuti afika Lachinayi madzulo, afika Lachisanu 3 koloko m'bandakucha, chifukwa basi inaphulika tayala asanafike ku Masvingo ndipo anakhala pamsewu maola asanu. Foni ya bambo inathima chaji ali ku Harare. Usiku wonse ndinali pa benchi ku Park Station osadziwa kuti ali pati, mpaka mayi wina wa m'basimo anawabwereka foni yake.

Zolakwika ziwiri zanga: sindinawagulire batire yotchajira foni panjira, ndipo nambala yanga sindinailembe papepala. Mwayi wake mtsikana anailoweza pamtima. Kalata ija anaifunsa pa chipata chimodzi, anaiwerenga n'kuwabwezera.

Miyendo ya bambo yatupa chifukwa chokhala nthawi yaitali. Ndawaviika m'madzi ofunda, agona miyendo ili pamwamba pa mapilo. Ichi n'chifukwa chake ndinasiya masiku asanu ndi limodzi pakati pa kufika ndi tsiku la masewero, ndipo ndikuthokoza kuti ndinatero. Ana agona pabedi pathu, ine ndakhala pamphepete kumangowayang'ana mpaka kunja kwayera.

26 Disembala

Tayeserera. Ndawatengera ku Southgate kuti akakwere masitepe oyenda okha ndi chikepe tsiku lenileni lisanafike. Mtsikana anangokwera ngati wazolowera. Mnyamata anaima pansi pa masitepe mphindi zingapo, phazi kulitulutsa n'kulibweza, mpaka agogo ake anamugwira dzanja. Atafika pamwamba anapempha kubwereza kanayi. Zandithandiza kudziwa kuti mwanayu amafuna kaye aone ena akuchita, osamukankha.

Ndagula mafuta odzola oteteza ku dzuwa R120, zipewa zitatu R150 ndi majekete a pulasitiki a mvula asanu R100. Joni ili pamwamba, mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja, dzuwa lake limawotcha ngakhale kamphepo kakuzizira. Ndipo mwezi uno mvula ya mabingu imakonda kugwa masana dzuwa likapendeka, ndiye zikuluzikulu zonse tiyenera kuthana nazo m'mawa.

28 Disembala

Ndikulemba usiku, onse agona.

Tinadya phala ndi buledi kunyumba, mnzawo wa amuna anga anatisiya pa geti ndi galimoto yake, tinamupatsa R150 ya mafuta. Tinafika asanatsegule koma mzere unali utayamba kale. Matikiti anali mu foni, ndinali nditawajambuliratu kuopa netiweki.

Mnyamata anapempha yekha kuti akaime pa choyezera. Ndinkafuna kumulambalalitsa, koma agogo ake anati msiyeni adzionere. Anaima chilili, khosi kulikoka, ndipo mutu unatsala pang'ono, kampata kolowa chala chimodzi. Mtsikana woyang'anira pamenepo anamuuza mwaulemu kuti chaka chamawa. Sanalire pomwepo. Analira pomwe mlongo wake ndi bambo ake ankalowa pa mzere wa Anaconda. Ndinagwada, ndinamupukuta, ndinamuuza kuti ndinalakwa ndine polonjeza. Agogo ake anati, "Tiye mzanga, ife tikayambe ndi bongololo." Apa tinagawikana pawiri, ndipo ndi momwe tinayendera m'mawa wonse: amuna anga ndi mtsikana ku zikuluzikulu, ine ndi bambo ndi mnyamata ku zinazo, kukumana pa gudumu lalikulu 12 koloko. Mukapita ndi ana osiyana msinkhu, gwirizanani za malo okumanira musanasiyane, chifukwa phokoso la mmenemo foni simuimva.

Shongololo anakwera katatu. Koyamba anatseka maso n'kugwira mkono wanga mpaka zikhadabo kulowa. Kachitatu anakweza dzanja limodzi m'mwamba n'kuyang'ana komwe kunaima agogo ake kuti aone ngati akumuona.

Mtsikana anadikira mphindi 50 pa mzere wa Anaconda, ulendo wake wosakwana mphindi ziwiri. Anabwera maso ali gwa, milomo yauma, akuseka osatha kulankhula. Golden Loop, yomwe imakuponya kutsogolo kenako n'kubwerera chafutambuyo, anakweranso. Pa Tower of Terror, pomwe kangolo kamatsika chamutu kulowa m'dzenje, anafika pafupi, anayang'ana m'mwamba, anati ayi. Bambo ake sanamukakamize, ndipo ndawayamikira.

Cholakwika chachikulu cha tsikuli chinali chakudya. Tinagula tchipisi, nkhuku ndi zakumwa, R620 anthu asanu, ndipo mtsikana atangomaliza anathamangira ku Jozi Express. Anatsika n'kusanza zonse m'mbali mwa njira. Tinakhala pamthunzi theka la ola akumwa madzi pang'onopang'ono. Mwana akadya, ola lathunthu likhale la zoyenda pansi. Tikanaika mgodi pambuyo pa chakudya penipeni, zikanatheka bwino.

Chachiwiri, pa Raging River Rapids, bwato lozungulira lija, foni ya amuna anga inali m'thumba la kabudula ndipo funde linawakhuthukira pamiyendo. Yazima, ili mu mpunga pano. Majekete a mvula tinali nawo, koma kathumba ka pulasitiki koika foni palibe anakaganiza.

Tsopano za mgodi. Anatipatsa zisoti ndi nyali. Bambo anatenga chisoti, anachitembenuza, anakonza lamba wa mkati ndi zala ziwiri osayang'ana n'komwe, n'kuvala. Kenako anakonza cha mdzukulu wawo. Titalowa mu kheji, chikepe cha mumgodi, ndinawagwira mkono poopa kuti mutu uwazungulira. Anachotsa dzanja langa mofatsa n'kuimirira miyendo motangadza pang'ono, mawondo ofewa, monga munthu wodziwa kuti pansi pagwedezeka. Sitinatsike kwambiri, sipafika ndi mamita 100 pomwe, pamene shafutiyo payokha inakumbidwa kupitirira makilomita atatu. Chitseko chitatseguka anapuma mpweya wautali, anati fungo ndi lomwe lija, la mwala wonyowa. Kenako anati, "Koma kuno n'kukhonde chabe. Kwathu kunali kotentha, unkavula malaya, thukuta kudzaza m'majombo."

Wotitsogolera ankafotokoza m'Chingerezi za momwe ankaboolera mwala ndi kuthira zophulitsa. Bambo anamulankhula m'Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi chomwe sindinawamvepo akulankhula chibadwire. Bamboyo anaima, anawayang'ana, anawayankha, n'kuuza gulu lonse kuti pakati pathu pali madala amene anagwiradi ntchitoyi. Anthu anatembenuka. Bambo anaonetsa momwe ankagwirira fosholo pamalo pomwe denga lili pafupi, munthu sungaimirire, umapakira uli chogwada kapena chogona cham'mbali. Anagwada ndithu pa miyala, munthu wa zaka 73, kuti adzukulu aone. Anawaonetsanso momwe ankagogodera denga ndi chitsulo kumvetsera ngati mwala uli wolimba kapena ukulira ngati ng'oma, chifukwa wolira choncho ndiwo umagwa. Anatchula mnzawo wa ku Mulanje amene ankagona naye chipinda chimodzi ku komponi, amene sanatuluke tsiku lina. Sindinkadziwa za munthu ameneyu. Mnyamata anali atagwira thalauza la agogo ake nthawi yonseyi, za Anaconda ataiwala.

Titatuluka tinapita komwe amaonetsa kusungunula golide. Amatulutsa mphika m'ng'anjo uli psuu, n'kuthira madziwo mu chikombole, ndipo pakapita kanthawi pamatuluka njerwa yachikasu. Ana ankaomba m'manja. Bambo anali duu, chipewa chili m'manja. Ndinawafunsa ngati atopa. Anati, "Mwana wanga, zaka zitatu ndinapakira miyala ija, golide sindinamuonepo. Mwala wake ndi wotuwa ngati wa pa msewu. Ankangotiuza kuti ali mkatimo. Lero ndi loyamba."

Ndinakonza ulendowu ndikuwerenga zoyamba za ana, pasipoti, chikepe, sitima zozondoka. Za bambo sindinalembepo ngakhale chimodzi pa mndandanda wanga. Ndinatembenuka kuti ana asandione nkhope.

Mvula inayamba cha m'ma 3 koloko, mabingu atangomveka zokwera zazitali anaziimitsa. Tinali titakwera kale gudumu tonse asanu masana, pomwe bambo ankaloza milu yachikasu ya dothi la m'migodi ndi nsanja za m'tauni, akufunafuna china chomwe angachizindikire. Tinabisala pakhonde la nyumba zakale zomwe anazimanga motengera Joni wa zaka zoyambirira golide atapezeka mu 1886, ndipo itadukiza tinaitana galimoto ya pa foni. Asanu sitikwana mu yaing'ono, tinatenga yaikulu, R170.

Apartheid Museum ili pafupi pomwepo ndipo ndinkaganiza kuti tilowanso tsiku lomwelo. Sizikanatheka, miyendo ya bambo inali itayambanso kutupa ndipo ana anali atatheratu. Ndi ya tsiku lakelake.

30 Disembala

Foni ya amuna anga sinadzuke. Wokonza ku tauni akuti R450 kusintha mbali yomwe yapsa, talipira. Zithunzi za m'mawa uja zapulumuka.

Dzulo usiku bambo anakhala ndi ana pabalaza mpaka 11 koloko akuwafotokozera za ndege ya ku Francistown, za nyemba ndi phala la ku komponi, za momwe ankatumizira ndalama kwa amayi awo. Mtsikana anatenga foni yanga n'kujambula mawu awo, mphindi 47. Ndawasunga malo awiri.

6 Januwale 2024

Afika bwino kumudzi dzulo usiku. Ulendo uno anali ndi batire yotchajira, R250, ndi manambala atatu olembedwa pa kakatoni m'thumba la malaya a bambo. Pa Beitbridge akuti mzere wa obwera kuno unali wosaoneka mathero, wawo unayenda.

Kuwerengera konse, m'marandi. Mapasipoti ndi maulendo ake, pafupifupi R5,950. Basi, R12,250. Aganyu, R650. Tsiku la ku Gold Reef City, matikiti, chakudya, galimoto, zipewa ndi zina, R3,210. Foni ndi batire, R700. Chakudya cha panjira, cha kunyumba masabata awiri ndi katundu wopita naye kumudzi, pafupifupi R4,500. Zonse zapitirira R27,000, pomwe ine ndinayamba ndi R21,000. Kusiyanako R4,000 ndabwereka kwa mnzanga wa pa chipereganyu, ndibweza R1,000 pamwezi mpaka Epulo, inayo yachokera pa madiresi a ukwati omwe ndinasoka mu Novembala. Tsiku la masewero lenilenilo linali lotsika mtengo poyerekeza ndi basi ndi mapasipoti. Chomwe chimadya ndalama ndi kufikitsa anthu pa geti.

Ndaimba m'mawa uno. Mayi akuti chimanga chili bwino, aganyu anapalira koma mbali ya kumunsi anailumpha, bambo alowamo okha lero ndi khasu. Mnyamata anangofika n'kuvula nsapato, kukaima pa felemu ya chitseko usiku womwewo, agogo ake akuwunikira ndi tochi. Akadali 129. Bambo akuti ayezanso pa 1 Febuluwale, ndipo andipempha kuti ndiwatsukitsire chithunzi chomwe avala chisoti, ndipatsire munthu wopita kumudzi, akufuna akaonetse anzawo awiri a ku Theba amene atsala m'mudzimo.